Mapepala Awiri pa Desiki ya Nerys

Lachiwiri, mvula ya ku Swansea ikunyambita zenera.
Gethin walowa chisoti chili m'khwapa,
jekete ikudontha pa kapeti wa abwana,
waponya mapepala awiri pa desiki panga.

"Mayi Nerys, tandiuzani.
Njinga yanga ndi ya Osian zonse n'zofiira,
injini n'zofanana, chaka chopangidwa chimodzi,
tikamatsetsereka ku Mumbles zimalira mawu amodzi.
Inshuwaransi yake mapaundi mazana asanu ndi limodzi,
yanga kuyandikira zikwi ziwiri.
Ndinakulakwirani chiyani?"

Ndamulozera mpando. Wakana.

Ndayamba ndi zosavuta kutchula.
Malaya apulasitiki amene njinga yako yavala, mwanawe,
ikangofwenkhera pansi ili chiimire,
mbali imodzi yokha imameza malipiro ako a mwezi,
ndipo imabwera pa sitima, masabata asanu,
makaniko atapinda manja.
Za Osian zili mbwee m'mashelefu a ku Neath,
zatsopano ndi zovula zomwe.

Ndiye pali eni usiku.
Yakoyo amaikonda, ili ndi msika isanabedwe n'komwe.
Anyamata anayi, vani yoyera, mphindi imodzi,
m'mawa upeza unyolo wodulidwa
ndi dontho la oyilo likukuyang'ana.
Osian amagoneka yake m'galaja,
kuseri kwa firiji yakufa ya apongozi ake.
Yako imagona pamtetete,
pansi pa nyale imene inathima mu Okutobala.

"Ndiye ndikulipirira akuba?"

Eya, ndi madokotala, ndi maloya,
ndi mpanda wa mlimi wina wa nkhosa
umene waimitsidwa kanayi pa kona yomweyo.

Wamenya desiki ndi chala.
"Sindinagwepo ine. Ngakhale kamodzi."

Ndikudziwa. Uli ndi zaka makumi awiri ndi zitatu,
laisensi ikadanunkha inki.
Osian ali ndi imvi m'ndevu, bondo lachitsulo,
ndi ana awiri omudikira chakudya chamadzulo.
Amati tsoka silinunkha,
koma ntchito ya nyumba ino n'kulinunkhiza,
kulipima pa sikelo, n'kuligawa m'miyezi khumi ndi iwiri.

Pamenepo ndaima.
Chotsalacho sindiuza makasitomala.

Kompyuta iyi imasunga onse amene anagula njinga ngati yako
iwe usanaione pa zenera la sitolo.
Njinga ziwiri zingafanane mphuno ndi mchira,
koma ina imaitana abambo a Lamlungu masana,
ina imaitana anyamata a Loweruka usiku,
ndipo mtengo umatsata oitanidwawo.
Mu zikwi ziwiri zakozo muli anthu.
Muli Emyr, mlongo wanga,
amene anaikwera chilimwe chimodzi chokha.
Iyenso anali asanagwepo.
Chisoti chake chili pamwamba pa wodilopu ya mayi,
amachipukuta fumbi pa Khirisimasi.
M'makinamu alibe dzina:
ndi kadontho kumanja kwa nambala,
kamakweza mtengo wako ndi mapaundi angapo.

Ndangoti, gula loko wachiwiri,
pempha azakhali ako akubwereke shedi,
kachite maphunziro aja a Loweruka m'mawa,
ubwerenso chaka chamawa wathunthu, tidzatsitsa.

Wasaina mokalipa, cholembera chaboola pepala.
Watenga switi m'mbale yanga osapempha.

Panja injini yatsokomola, yadzuka, yabangula.
Ndaleka kutaipa.
Giya yoyamba. Yachiwiri.
Maloboti a pa mphambano ali pafupi, mwana iwe,
ndipo phula lanyowa.
Yachitatu.

Ndadikira mpaka phokoso litasungunuka mu mvula,
ndaika mapepala awiri aja m'dirowa limodzi,
ndapukuta madzi amene chisoti chasiya pa desiki.
Wotsatira, lowani.