Mlembi wa pa Santo Domingo

Zaka makumi atatu pansi pa khonde ili, pakati pa mzinda wa Mexico,
ndakhala ndikugogoda taipi yanga yakale,
kulembera anthu makalata pa mapeso ochepa.
Chilembo cha "r" chimakakamira, ndimachikoka ndi chikhadabo.

Lachiwiri kunabwera mayi Eulalia Tecuanhuey a ku Cholula,
manja akununkha tsabola wowotcha.
Anati: mulembere mwana wanga Fidencio ku Chicago,
mumuuze kuti bambo ake atisiya.

Ine, mwini luso, ndinayamba monga mwa masiku onse:
"Mwana wanga wapamtima, mtambo wakuda
waphimba denga la banja lathu,
wagwa mtengo waukulu umene tinkausapo..."
Ndinawerenga mokweza, mawu akunjenjemera pang'ono
ndi kukoma kwa ziganizo zanga.

Mayiwo anangondiyang'ana.
A Nemesio sanali mtengo, anatero.
Anali aafupi, ankatsokomola usiku,
ngongole ya mwanayo sanabweze.
Mwalemba bwino, bambo, koma kalatayi ndi yanu.

Njiwa zinkatola nyenyeswa pamiyala.
Pafupi, makina osindikiza makadi aukwati ankangogunda.
Ndinasolola pepala lija n'kuliyang'ana
ngati munthu wokumana ndi nkhope yake
pagalasi la sitolo asanaikonze.
M'mizere ija munalibe a Nemesio,
munalibe mayi Eulalia.
Munali ine ndekha, nditavala jekete pamaliro a eni,
ndikudikira kuti andiwombere m'manja.

Pepala lachiwiri:
"Fidencio, bambo ako amwalira Loweruka m'mawa.
Sanavutike nthawi yaitali.
Tawaika pafupi ndi mlongo wako.
Wailesi yawo ndakusungira.
Usabwere, angakukanize kubwerera."

Ndi zomwezo, anatero.
Analipira theka poti mawu anachepa.
Sindinatsutse.

Madzulo ndinatulutsa kope langa la ndakatulo
limene ndimabisa m'bokosi la maliboni,
ndinasongola pensulo yofiira.
Mzere uliwonse ndinaufunsa ndi mawu a mayi aja:
kodi apa pali munthu, kapena mtengo?
Apa ndikunena chinthu, kapena ndikudzionetsa?

Mitengo inagwa yambiri usiku umenewo.
Mitambo nayo inapita, ndi nyenyezi zonse zobwereka.
Patsamba lina panatsala mawu anayi okha,
ndipo awiri mwa iwo
ndikuwakayikirabe.