Chala Pakhosi

Ine ndinali mawu a pa Chitakale.
Limbe! Limbe! Wotsala m'modzi!
mpaka amayi a zinanazi ankatseka m'khutu,
ati iwe Mukhito, kodi pakhosipo pali paipi?

Ku Gulupu anakaiikadi paipiyo.
Za ngoziyo musandifunse, ndinangodzuka
mpweya ukulowera pansi pa chibwano
ngati mlendo wodzera khomo lakuseri,
milomo ikugwedera, koma zii.

Masabata asanu. Kenaka anaizula,
n'kumata kabandeji pabowo.

Tsopano Lachiwiri lililonse ndimakwera kabaza
kukakhala pabenchi kwa sisitala Namaona.
Ati ikani chala apa. Kanikizani. Nenani aaa.
Chimene chinatuluka tsiku loyamba
chinali tayala likuphwa.
Iwo anawomba m'manja. Ine ndinayang'ana pawindo,
phiri litafunda chiperoni,
nalonso osanena kanthu.

Koma madzi!
Madzi omwe ndinkagugudiza chiimire
andiukira.
Amathamanga, amakhotera msewu wolakwika
ngati dalaivala wa dzulodzulo,
ndiye kutsamwa, misozi, chifuwa kuwira usiku wonse.
Ati yambani ndi phala lolimba.
Theka la supuni. Khalani chilili. Chibwano pansi.
Mezani. Mezaninso. Tsokomolani.
Munthu wa ana atatu kuphunzitsidwa kumeza.

Kunyumba Felisita amaika zala ziwiri pakholingo langa
kumvetsera ngati lakwera,
amawerenga masupuni pachikuto cha buku la kusikelo.
Dzana asanu ndi awiri. Dzulo khumi.
Masana ena ndinakankha mbale, inagwa, inasweka.
Anasesa, n'kubweretsa ina.

Pasiteji pali kamnyamata katsopano.
Kamaitana Limbe ngati kakupepesa.
Ndinadutsapo nditakoleka mpango m'khosi,
anzanga akuti bwana, tatiitanireniko kamodzi,
ndinangokweza dzanja.

Ndinkayesa kuti mawu akadzabwera
adzayamba ndi dzina la Mulungu, kapena la mkazi wanga.
Lachisanu m'mawa, chala pabandeji,
anatuluka okhakhala, aafupi, a munthu wina:
Mchere wachepa.

Felisita anaima ndi chipande m'manja.
Ati mwati chiyani?
Ndinakoka mpweya, ndinakanikizanso.
M'phalamu. Mchere.
Anakhala pansi pakhomo pomwepo, n'kuseka,
kuseka kuja kofuna kupukuta ndi chitenje.

Chinanazi sanandilolebe.
Ati chili ndi madzi ambiri, chimathawa pakamwa.
Chili pawindo apo, chikupsa.
Chikawola tidzagula china.