Kabotolo ka pa Lizulu

Chisanu cha Juni chandilemba kumaso,
masaya atuwa ngati kachewere wongokumba.
Pa Lizulu, pakati pa kabichi ndi anyezi,
mnyamata wayala timabotolo padzuwa:
"Vitamini C, asisi, mawa muwala!"

Ndatola kamodzi, ndakapendeka.
Madzi ake afiira ngati tiyi wogona.

Esinala wa kufamase anandiuza kale:
akafiira wafa ameneyo.
Funa botolo lakuda, lotseka bwino,
werenga tsiku kunsi kwake,
yamba wayesa kuseri kwa khutu.
Lolonjeza kukuyeretsa khungu
lisiye pomwepo.

Ndakabweza. Mnyamata watsonya.

Ndalama ija ndagula manachesi asanu,
ndikusenda m'minibasi mpaka pa boma,
nkhope ikadali yomweyo,
zala zokha zikununkhira.