Mboni Ziwiri mu Msewu wa Kastani

Chipale chofewa chatseka theka la windo.
M'chipinda chapansi, kuno ku Tartu,
mkulu Endel wavundukula ampulifaya yake
monga muja aonetsera khanda kwa alendo:
mavalavu anayi ali psuu m'magalasi mwawo,
kafungo ka fumbi lopserera ndi mtovu wosungunuka.
Zaka makumi atatu akuimanga, kuiphwasula, kuimanganso.
"Ilibe banga, Piret," akutero.
"Khutu langa ndi mboni."

Ine ndabwera ndi mboni ina m'thumba la jekete,
kabokosi kakuda, kochepa ngati sopo,
kamene kamamwa mawu n'kulavula manambala.
Pa sekondi imodzi kamabudula mawu ka 96,000,
kosatopa, kosadziwa kuti mwini wake wa chinthu
ndi amene anandiphunzitsa kugwira waya.

Tachotsa masipika.
M'malo mwake lezisita yonenepa
yoti imeze nyimbo yonse n'kuisandutsa kutentha.
Lero palibe womvetsera.
Koma poyamba ndaupinda waya,
kabokosi kadzimvere kokha:
woyeza mnzake ayambe wayezedwa.
Pa sikirini mzati umodzi uli njo,
mahetsi chikwi, mluzu wosapumira,
kunsi kwake kaudzu ka phokoso, kafupi, kogona.

Tsopano mluzuwo udutse mwa iye.

Mzati uja ulipo.
Koma wabereka.
Pa zikwi ziwiri paima mwana,
pa zikwi zitatu mng'ono wake wamfupi,
ana osaitanidwa, opanda ndi manyazi omwe.
Kumanzere uko, pa makumi asanu, kachulu.

"Nanga icho?"
"Magetsi akung'ung'udza."
Tazimitsa getsi lakudenga. Kachulu kalipobe.
Tasuntha mawaya, tagwada, tafwenthera fumbi.
Ndazula chaja cha laputopu yanga
ndipo kachulu kamira, zii.
Endel waseka mpaka kutsokomola:
"Mboni yako yabwera ndi matope kumapazi!"
Ndavomera. Mlandu umenewo ndi wanga.

Koma ana awiri aja sanasunthe.
"Awa ndi anu," ndatero chapansipansi.

Wavula magalasi, wawapukuta ndi malaya,
nthawi yaitali kuposa mmene amafunikira.
Basi yadutsa pamwamba, mashelefu anjenjemera.
"Angachoke?"
"Lezisita imodzi. Mphindi khumi."
Wawotcherera yekha, dzanja likugwedera
mpaka pamene nsonga yakhudza mtovu,
apo n'kukhazikika ngati la mnyamata.

Tayezanso. Ana afupika, abisala mu udzu.
Manambala akongola.
Ndikanakhala ndekha ndikanaomba m'manja.

Wabwezera masipika, watola tepi yakale:
kwaya ya tchalitchi, chaka chimene ine ndisanabadwe,
mzere wachiwiri, wachitatu kuchokera kumanja,
malemu mkazi wake Leida.
Iye amati amatha kulitola liwu lake
pakati pa mawu makumi anayi.

Tamvera ndime imodzi.
Ine ndamva zonse zili mbee,
mpweya wa oimba, benchi ikulira, wina akutembenuza pepala.
Iye watseka maso, kenaka wapukusa mutu.
"Akumva kuzizira," watero.
"Mwamuvula juzi."

Ndinafuna kunena kuti juziyo sanalukepo Leida,
kuti analuka ndi mavalavu,
kuti kabokosi sikanama.
Lilime landilemera.
Kabokosi kamadziwa zimene zalowa ndi zimene zatuluka,
sikadziwa kuti munthu amatsikira masitepe awa
madzulo alionse kudzafuna chiyani.

Lezisita yakale inali isanazizire n'komwe.
Waitola pa tebulo, waibwezera pamalo pake.

Ndasunga zithunzi zonse ziwiri.
China ndachitcha "chowongoka."
Chinacho ndaganiza, ndalemba, ndafufuta,
ndangoika tsiku.

Potuluka wandikuwira ndili pa masitepe:
"Lachinayi ubwere nakonso kasopo kakoko.
Pali wailesi ya dokotala wa mano,
imeneyo ndiye ukaiuze zoona zonse."