Ziweto za Ivonete

Ku Piracicaba, pa shifiti ya usiku,
Ivonete amakwera makwerero a thanki yachinayi,
n'kuvula golovesi. Amaika chikhatho pa chitsulo
kuti amve ngati ziweto zake zatentha thupi.

Khola alibe. Ziwetozo sizioneka ndi maso:
tiyisiti tambirimbiri, todya makoko a nzimbe
amene makina anatafuna n'kulavula.
Timadya, timageya, thovu n'kumatutuma,
fungo la mowa wosasa mpaka m'tsitsi.

Chaka chatha tizilomboti tinafa Lachitatu limodzi.
Anatsuka thankiyo masiku awiri, kukamwa kuli pululu.

M'bandakucha kagalimoto ka mlamu wake Osvaldo
kamatsokomola pageti.
Iye amangodandaula za mtengo wa mafuta,
osadziwa kuti m'injinimo mukuyaka thukuta
la tinthu timene mayiyu wachezera nato.