Chingwe cha Struan

Lolemba m'mawa ku Dunkeld, chisanu chikuluma zala.
Struan wakhuthula chikwama pa thebulo langa
ngati munthu wobweza ngongole imene sakuivomereza.
Utuchi wa oki wamwazika pa mapepala.
Wakaima pakhomo, manja m'thumba, sakundiyang'ana.

Miyezi isanu ndi umodzi ikatha amabwera chonchi,
anthu ogwira ntchito kunsonga za mitengo,
kudzandipatsa zinthu zimene zimawaletsa kugwa
kuti ndizifunse mafunso.

Ndiyamba ndi ngowe zachitsulo.
Nditsegula kachitseko, nditaya: thwa!
Yachiwiri: thwa!
Yachitatu ikuzengereza ngati mwana wotumidwa asakufuna.
Ndi mchenga chabe. Madzi ofunda, burashi yakale yamano,
nayonso yayankha.

Lamba ndimutembenuza, ndiwerenga misoko.
Ulusi uliwonse uli pamalo pake,
koma thukuta ladya kansalu ka nambala.
Chida chopanda nambala chilibe kwawo,
sindingachiikire umboni ngakhale chitalimba chotani.
Pansi pa nyali, ndi galasi lokulitsa,
manambala awiri omaliza atulukira movutikira.
Agwirizana ndi kaundula.
Wapulumuka, ulendo uno.

Chingwe sindichikhulupirira ndi maso okha.
Ndichiyang'ana, kenako nditsinzina,
mamita makumi anayi ndi asanu ayamba kudutsa m'zala.
Chikununkha utomoni ndi utsi wa sowo,
mvula ya Novembala ikadali m'kati mwake.
Apa chinakhula pa khungwa, changomera ubweya.
Apa ndi matope owuma.
Chikudutsa, chikudutsa,
ndayamba kuganiza za tiyi,
mita ya makumi atatu ndi imodzi:
chala chamira.

Ndibwerera. Chamiranso.

Kunja n'chofiira, chosalala, chokongola,
m'kati mwafooka.
Chafanana ndi mitengo imene iye amaitanidwa kukadula,
khungwa lathanzi, mtima wofumbwa.

"Ndinachigula mu Epulo," watero ali pakhomo pomwepo.
"Mapaundi zana ndi makumi asanu ndi limodzi.
Lachisanu lomweli chinandinyamula tsiku lonse
pa mtengo wa bichi wa kutchalitchi."
Ndamva, ndamuyankha. Koma ine sindisainira Lachisanu lapita.

Ndamupatsa agwire yekha.
Wapinda. M'malo mokhota ngati uta
chathyoka ngodya ngati chigongono.
Chete.
Mwina wakumbukira tsiku limene chipika
chinachipanikiza pa mwala wa mpanda,
iye n'kungochisasa n'kupitiriza.
Sananene. Sindinafunse.

Nditenga mpeni wanga wa chigwiriro chachikasu.
Ndidula, ndidulanso, ndidulanso,
chifukwa chingwe chotayidwa chathunthu chili ndi miyendo:
chimatuluka m'bini usiku
n'kukapezeka m'chikwama cha mnyamata wophunzira ntchito
amene alibe ndalama koma ali ndi msana umodzi.

Tsopano pepala.
Nambala, tsiku, chadutsa, chadutsa, chadutsa, chalephera.
Chidindo. Pansi pake dzina langa, Rhona Tulloch.
Inki yake n'njochepa, siingadzaze supuni,
koma mawa idzalendewera mamita makumi awiri
pamwamba pa miyala ya manda ndi denga la galimoto ya abusa.
Siilonjeza kuti nthambi siithyoka.
Siidziwana ndi mphepo yochokera kumapiri.
Ikungonena zimene zala zanga zapeza Lolemba lino,
ndipo usiku wina, denga likamalira ndi namondwe,
ndimadzuka kuzifunsanso zalazo.

Walongedza osayankhula.
Pakhomo watembenuka: "Chidutswa chachifupicho mundipatse.
Cha galu."

Pawindo ndikumuona pambali pa lole yake,
atagwada m'chipale chosungunuka,
akumangira galu wamphutsi zoyera kukamwa
mfundo yomwe amadzimangira yekha kumwamba.
Wakoka kamodzi.
Waima, wayendetsa chala pa chingwecho
kuchokera kukhosi kwa galu mpaka m'dzanja lake,
pang'onopang'ono,
atatsinzina.