Njira ya Wogawa Makalata

Tauni yathu inakhala ngati munthu wosamba m'mapazi:
msana wayedzamira thanthwe,
zala zili m'madzi amchere.
Ine ndimayambira ku zalako, ku doko,
buledi wa Soizic asanazizire.

Kuno nyanja si mnansi wokhazikika.
Kawiri pa tsiku imalongedza n'kuchoka osatsanzika,
kusiya mabwato atagona cham'mbali pathope
ngati ng'ombe zokhuta,
zingwe zili lende, ndere zikununkha,
nkhanu zikuthawira pansi pa miyala.
Kawiri pa tsiku imabwerako,
osapepesa.

Bambo Tudual amakhala pa khoma lotchinga mafunde,
pafupi ndi nsanja ya nyali yobiriwira,
akusoka ukonde umene sudzalawanso madzi.
"Ilipo yanga?" Palibe, bambo.
"Bola. Ndiye kuti angongole sanandipeze."

Kenako masitepe, zana limodzi ndi makumi atatu.
Yachisanu ndi chiwiri idasweka chaka cha namondwe,
mwendo wanga umaidumpha wokha.
Tinjira take n'topanikiza,
maambulera awiri sangadutsane popanda moni.
Nyumba za miyala yotuwa zinaunjikana ngati zikumva chisanu,
madenga a sileti ali nyowe ngakhale dzuwa liwale.

Mumsewu wapakati mazenera ali chitsekere.
Eni ake ali ku Paris,
adzabwera mu Julaye ndi magalasi akuda
kudzandifunsa kumene kuli mchenga.
Mchenga uli kuseri kwa chitunda,
kagombe kochepa ngati chikhatho.
Kuno n'kwa miyala ndi dzimbiri.

Pamwamba penipeni pali tchalitchi ndi manda.
Akufa ndiwo anapatsidwa poonera pabwino:
zilumba zitatu,
chachinayi chimangosuzumira madzi akaphwa,
ndi mpata wopapatiza pakati pa matanthwe
umene mchimwene wanga Armel anauphonya usiku wa chifunga.
Dzina lake lili pamwala.
Iye mulibe.

Kuseri kwa mpanda wa manda ndiko kumayambira France yense,
minda ya kabichi, msewu wa basi yobwera kawiri,
koma ine sindifikako.
Chikwama chapepuka. Ndimatembenuka,
mphepo ya kumadzulo n'kundipaka mchere pamilomo.
Pansipo nyanja yayamba kulowa,
ikudzutsa mabwato limodzilimodzi,
kuyambira lofiira lija
lakhala zaka zitatu osapeza wogula.